Mitengo Ina Imaphwetsa Nkhama Zotupa, Ina Imaocha M'kamwa

M'midzi yambiri ya m'cigawo ca kum'mawa, kucokera ku Nyimba mpaka ku Lundazi, munthu akamva dzino likuwawa kapena akaona magazi potsuka m'kamwa sathamangira ku cipatala ayi. Amayamba wafunsa kwa agogo kapena kwa mnansi wodziwa mitengo. Wina amawiritsa masamba a gwafa ndi kucukuca, wina amatafuna muzu, winanso amadontheza utomoni m'dzino lobooka. Anthu otere sayenera kunyozedwa. Wodziwa za mano amapezeka ku cipatala ca pa boma, ulendo wake umafuna ndalama ya galimoto ndi tsiku lathunthu losiya munda, pamene mtengo uli kuseri kwa nyumba.

Bvuto la m'kamwa si la dziko lino lokha. Lipoti la bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, lomwe linatuluka mu 2022, linanena kuti anthu pafupifupi mabiliyoni 3.5 anali ndi matenda a mano kapena a nkhama, ndipo mwa iwo pafupifupi biliyoni imodzi anali ndi matenda akulu a nkhama, aja ogwedeza mano ndi kuwagulula. N'cifukwa cake akatswiri a m'maiko ambiri akhala akutenga mitengo imene anthu a m'midzi amaikhulupirira ndi kuiyesa, kuti aone ngati imaphwetsadi kutupa ndiponso ngati siononga thupi. Zimene apeza zikhoza kukondweretsa agogo pa mbali ina, koma pa mbali ina zikuwatsutsa.

CIMENE CIMATUPITSA NKHAMA

Nkhama, zimene ena amati usinini, sizitupa zokha. Munthu akadya, pa mano pamamera litsiro lofewa loyererako, lomwe limamatirira makamaka pamene dzino lakumana ndi nkhama. Litsiroli si zotsala za nsima cabe. Ndi mudzi wa tizirombo tosaoneka ndi maso. Thupi likamva tizirombo timeneti limatumiza magazi ambiri pamalopo kuti likalimbane nato, ndipo nkhama zimafiira, zimatupa, zimatuluka magazi zikangokhudzidwa.

Zimenezi zinatsimikizika bwino mu 1965 ku Denmark. Dotolo wa mano wina, Harald Löe, pamodzi ndi anzake anatenga anthu 12 a nkhama zabwinobwino nawauza kuti aleke kutsuka mano. Pasanathe milungu itatu onse anali ndi nkhama zotupa. Atawauza kuti ayambenso kutsuka, kutupa kunaphwa pa masiku ngati 7, popanda kumwa kapena kupaka mankhwala ali onse. Mfundo imeneyi ndiyo muyeso woyesera mtengo uli wonse wa m'kamwa. Mankhwala akhoza kuziziritsa nkhama kwa kanthawi, koma ngati litsiro likadali pa dzino, kutupa kudzabwerera monga udzu wa m'munda wodulidwa pamwamba osazulidwa.

Apa mpamene mswaci wa mtengo umaonekera kuti ngwanzeru, pakuti umacita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Nsonga yake yotafunidwa imasanduka tinsinga tokolopa litsiro, ndipo madzi a mtengowo amasakanizika ndi malovu ndi kufika pa nkhama. Mtengo wodziwika koposa pa nchitoyi ndi umene akatswiri amaucha Salvadora persica, womwe Aluya amaduladula mizu yake ndi kugulitsa pa dzina lakuti miswak. Umamera m'maiko ouma a Aluya, ku India, ndiponso m'zigwa zotentha za mu Africa muno. Muzu wake ukakhala wauwisi umanunkhira moyabwa pang'ono, ndipo fungo limenelo limacokera ku mankhwala amene amapha tizirombo tina toyambitsa matenda a nkhama. Poyerekeza anthu otsuka ndi muzuwu ndi anthu otsuka ndi mswaci wa m'sitolo, kawirikawiri kwapezeka kuti amene aphunzitsidwa kugwira bwino muzu amacotsa litsiro mofanana ndi anzawowo. Bungwe la WHO linabvomereza kale, m'zaka za m'ma 1980, kuti kumene anthu anazolowera miswaci yotere apitirize kuigwiritsa nchito.

Tsidya la malire, ku Mozambique, akazi amadziwika ndi muzu wochedwa mulala, umene umayeretsa mano ndi kusiya milomo itapsa ngati yapakidwa utoto. Mtengo wake unayesedwa pa University of Pretoria ku South Africa, ndipo zotsatira zake zinalembedwa mu 2008. Pamodzi nawo anayesanso mitengo ina yodziwika m'chire la kuno kwathu, monga mpoza, muula ndi mtundu wina wa nthula. Anaviika mitengoyi ndi kuthira madzi ake pa tizirombo ta m'kamwa tosungidwa m'timbale. Ingapo inaletsa tizirombo kuswana, ndipo mulala unali pakati pa imene inacita bwino. Koma akatswiri omwewo atathira madzi a mulala pa tizigawo tamoyo ta thupi, tomwe amati maselo, anaona kuti ena akufa mankhwalawo akaculuka. Cimene cimapha kacirombo cikhozanso kupweteka mnofu. Kamuzu kotafunidwa m'mawa kamatulutsa mankhwala ocepa, amene malovu amawasungunula ndipo munthu amalavula. Madzi a mizu yambiri yowiritsidwa mpaka kuda bii ndi nkhani ina.

Mswaci wa mtengo nawonso uli ndi malamulo ake. Nsonga iyenera kutafunidwa kapena kuviikidwa m'madzi mpaka itafewa, cifukwa youma imakanda nkhama. Iyenera kudulidwa kawirikawiri kuti pakhale pena patsopano. Munthu asiye cizolowezi coyenda ndi mswaci kukamwa m'mawa wonse akupekesa mano a kutsogolo okha: ku Saudi Arabia kunapezeka kuti opekesa kwambiri motero nkhama zao zimabwerera m'mbuyo, muzu wa dzino nkukhala pamtunda. Ndiponso tinsinga ta mtengo timaloza kutsogolo, kotero kumbuyo kwa mano ndi ku mano a ku mapeto kumafuna khama lapadera. Kumeneko nkumene ambiri amaiwala, ndipo nkumene mano amayambira kuola.

MASAMBA A GWAFA NDI ANZAKE

Pa mankhwala ocukucira, muyeso wa madotolo ndi mankhwala a ku cipatala ochedwa chlorhexidine. Amenewa amacepetsa litsiro ndi kutupa mosakaikitsa, koma munthu akawagwiritsa nchito kwa milungu yambiri mano ndi lilime zimada, ndipo cakudya sicikoma bwino. Pa cifukwa cimeneci akatswiri, makamaka a ku India, akhala akufunafuna masamba amene angacite nchito yomweyo popanda kudetsa mano.

Masamba a gwafa ndi amodzi mwa amene anaoneka kuti ali ndi thandizo. Muli mankhwala aja amene amacititsa m'kamwa kuuma ndi kumangika, monga amamvera munthu akadya nthoci yosapsa. Mankhwala otere amalimbitsa khungu la nkhama ndi kucepetsa kutuluka kwa magazi. Mulinso ena amene amaletsa tizirombo kumatirira pa dzino. Anthu a nkhama zotupa amene anapatsidwa madzi a gwafa kuti azicukuca, uku akupitiriza kutsuka mano, anapezako bwino mofanana ndithu ndi amene anapatsidwa chlorhexidine. Zofanana ndi zimenezi zinaonekanso pa madzi oyera a m'kati mwa tsamba la aloe vera, ndiponso pa masamba a nimu, mtengo wowawa uja wocokera ku India womwe tsopano wabzalidwa pa makomo ambiri.

Owerenga asakondwe mopitirira. Mayeso ambiri a mtundu umenewu anacitidwa pa anthu owerengeka ndipo anatha milungu yocepa, mwezi umodzi kapena itatu. Amasonyeza kuti masambawa amathandiza pa kutupa kwa pamwamba. Sanena kanthu za munthu amene angacukuce nawo zaka khumi. Komanso madzi oyesedwawo anapimidwa mphamvu yake pa sikelo, pamene mphika wa kumudzi lero umalandira masamba asanu, mawa dzanja lathunthu. Ngakhale ziri tero, madzi a masamba ocepa a gwafa, otsukidwa bwino, owiritsidwa ndi kuziziritsidwa, ogwiritsidwa nchito tsiku lomwelo ndi kulavulidwa, ali m'gulu la mankhwala ofatsa. Madzi ofunda othira theka la supuni yaing'ono ya mcere m'kapu nawonso amatonthoza nkhama, ndipo madotolo eni ake amauza anthu kucukuca nawo patapita tsiku limodzi dzino litazulidwa.

Pa aloe vera pali cenjezo. Cothandiza ndi cam'kati coyera cija conga phala. Madzi acikasu owawa amene amatuluka pansi pa khungu la tsamba amatsegula m'mimba mwamphamvu, ndipo mayi wapakati kapena mwana sayenera kuwameza.

MPHAMVU IKACULUKA

Nkhani ya zonunkhiritsa za clove, zimene Aswahili a ku Zanzibar ndi ku Pemba amalima ndi kuzicha karafuu, imaphunzitsa bwino kusiyana kwa mtengo ndi mafuta ake. M'timitu touma timeneti muli mankhwala ochedwa eugenol, amene amacititsa dzanzi ndi kucepetsa kutupa. Madotolo a mano awagwiritsa nchito kwa zaka zoposa 100, powasakaniza ndi ufa woyera kuti amate dzino mongoyembekezera. Fungo lija lomveka m'cipinda cozulira mano nthawi zambiri ndi lomweli. Munthu akaika kamutu kamodzi pa dzino lowawa sapwetekedwa. Koma mafuta ake a m'kabotolo, amene gawo lake lalikulu ndi eugenol yekhayekha, akadontha pa nkhama amaocha ndi kusiya cironda. Mu 1993 madotolo a ku Britain analemba za mwana wa zaka 2 amene anamwa mafutawa okwana supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri. Anakomoka, anagwidwa ndi khunyu, ciwindi cake cinaonongeka, ndipo anapulumukira pa kam'kamwa ka imfa.

Nimu nayenso ali cimodzimodzi. Kamtengo kake ndi mswaci wa anthu mamiliyoni ambiri ku India. Koma mafuta ofinyidwa ku njere zake, atamwetsedwa kwa makanda ku Malaysia ndi ku India, anabweretsa kusanza, kugona kosadzuka ndi kuphupha, ndipo ana ena anamwalira. Madotolo a ku Malaysia anacenjeza za zimenezi mu 1981.

Wina angaganize kuti zoopsa zotere zimangocitika kwa anthu osapima mankhwala. Sizitero. Ku America kunali mankhwala otsukira mano ochedwa Viadent, opangidwa m'fakitale ndi kugulitsidwa m'masitolo kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Munali madzi a muzu wofiira wa m'nkhalango za kumeneko wochedwa sanguinaria, umene pa mayeso oyamba unaoneka kuti ukucepetsa litsiro ndi kutupa kwa nkhama. Patapita zaka, madotolo anayamba kuona anthu okhala ndi zigamba zoyera zosacoka pakati pa mlomo wa m'mwamba ndi nkhama, zigamba za mtundu umene nthawi zina umasanduka khansa. Atafufuza anapeza kuti ogwiritsa nchito mankhwalawo anali ndi mpata woculuka pafupifupi ka 10 wokhala ndi zigambazo, ndipo kwa ena sizinacoke ngakhale atawasiya. Muzuwo unacotsedwamo mu 2001. Mayeso a milungu yocepa sanathe kuona cimene cinafuna zaka kuti cionekere.

Kuno kwathu, mitengo yoyenera kuopedwa koposa m'kamwa ndi ya utomoni woyera ngati mkaka. Nkhadze, imene imachinga makola ndi manda, ili ndi utomoni woocha khungu, ndipo dontho limodzi likagwera m'diso munthu akhoza kukhala masiku osaona. Woika utomoni umenewu m'dzino lobooka amaocha nkhama, lilime ndi tsaya, ndipo ululu wa dzino ukaleka ndiye kuti mtsempha wa m'kati wafa. Dzino lakufa limasunga tizirombo ndipo pambuyo pake limacita mafinya ku muzu. Msatsimanga nawonso ena amapaka utomoni wake pa nkhama, koma mtengowu ngwaululu, ndipo njere zake zagoneka ana ambiri m'zipatala cifukwa ca kusanza ndi kutsegula m'mimba. Zipatso za nthula, makamaka zosapsa, ziri ndi ululu wakupha ngakhale ziweto. Pali cikhulupiriro cakale, cofala m'maiko ambiri, cakuti m'dzino lobooka mumakhala kanyongolotsi kofunika kukafukiza ndi utsi wa njere kuti katuluke. M'dzino mulibe nyongolotsi. Timizere toyera timene timagwera m'madzi pofukizapo ndi tam'kati mwa njere zomwezo zitaphulika ndi moto.

Fodya nayenso ndi tsamba, ndipo ambiri amamuyesa mankhwala. Agogo ena amatsina fodya wopera ndi kumuika pa dzino kapena kuseri kwa mlomo, ati kuti ululu uleke. Fodya amafinya timitsempha ta magazi, kotero nkhama za munthu wosuta sizituluka magazi msanga ngakhale zikudwala. Mwini wake amaganiza kuti ali bwino pamene fupa logwira mano likudyeka. Ndipo n'zotsimikizika kuti fodya, wosuta ndi woika m'kamwa yemwe, amayambitsa khansa ya m'kamwa. Mbulu wa aspirin woikidwa pa nkhama m'malo momezedwa umaocha ndi kusiya banga loyera. Makala, phulusa ndi mcenga zimayeretsa mano pomapala cikuto cake colimba, cimene cikatha sicimeranso.

Tsono pali mabotolo a mankhwala a zitsamba ogulitsidwa m'misika ndi pa masiteshoni a mabasi, amene amati amaciza mano, nkhama, fungo la m'kamwa ndi matenda ena khumi. Dziko la Zambia liri ndi bungwe loyang'anira mankhwala la Zambia Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, ndipo asing'anga ali ndi bungwe lao la Traditional Health Practitioners Association of Zambia. Koma botolo lopanda dzina la wopanga, losanena mtengo umene uli m'katimo ngakhale tsiku limene linapangidwa, palibe amene angaliyankhire. Madzi a masamba akagona masiku angapo pa dzuwa amasasa ndi kumera nkhungu. Sing'anga woona amachula mtengo wake, amanena muyeso, ndipo akaona tsaya lotupa amatumiza wodwala ku cipatala.

ZIMENE MTENGO SUNGATHE

Dzino likabooka palibe tsamba limene lingatseke dzenjelo. Kubooka kumabwera pamene tizirombo tadya shuga ndi kutulutsa asidi wosungunula dzino, ndipo masiku ano shuga wafika m'mudzi uli wonse kudzera m'masiwiti, mabisiketi, zakumwa za m'mabotolo ndi tiyi wothira masupuni anai. Cimene catsimikizika kuti cimalimbitsa dzino pa nkhondo imeneyi ndi fluoride, amene amaikidwa m'mankhwala otsukira mano. Mu 2021 bungwe la WHO linaika mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwa anthu onse. Banja logwiritsa nchito mswaci wa mtengo likhoza kupaka pang'ono mankhwalawa pa nsonga yake. Kwa mwana wamng'ono kadontho konga njere ya mpunga nkokwanira, kwa wokulirapo konga nsawawa yaing'ono.

Litsiro likakhalitsa limauma ndi kusanduka mwala wacikasu kapena wakuda m'mphepete mwa nkhama. Mwala umenewu sumva mswaci kapena madzi a gwafa. Umacotsedwa ndi zitsulo za ku cipatala. Palinso nthawi zina pamene nkhama zimangonena za matenda a kwina. Mayi wapakati nkhama zake zimatupa msanga. Wodwala matenda a shuga nkhama zake zimacita mafinya kawirikawiri ndipo sizipola msanga. Zoyera zonga mkaka wogona pa lilime la munthu wamkulu zikhoza kusonyeza kuti citetezo ca thupi catsika, ndipo iye ayenera kukapimitsa magazi. Wosowa zipatso ndi ndiwo zamasamba kwa miyezi nkhama zake zimatuluka magazi, ndipo mankhwala ake ndi kudya magwafa, malambe, mango ndi malalanje, osati kucukuca. Cironda kapena banga la m'kamwa limene latha milungu iwiri kapena itatu osapola liyenera kuonedwa ndi dotolo.

Tsaya likatupa ndi kutentha, thupi nkutenthanso, masamba alekedwe. Kutupa kocokera ku dzino la pansi kukhoza kutsikira kunsi kwa nsagwada ndi kukankha lilime mpaka kutseka njira ya mpweya. Munthu amene akulephera kutsegula kukamwa, kumeza malovu kapena kupuma bwino anyamulidwe usiku womwewo, asadikire kuti kuce.

Koma amene ali pa ngozi yaikulu ndi ana. Pali nthenda yochedwa noma, imene imagwira makamaka ana a zaka 2 mpaka 6 osowa cakudya cokwanira, kawirikawiri atangodwala cikuku kapena malungo. Imayamba ngati kutupa wamba kwa nkhama, kotuluka magazi, ndipo mayi akhoza kuganiza kuti ndi nkhani ya masamba owiritsa. Pa masiku owerengeka m'kamwa mumayamba kununkha koopsa, malovu amacucha, tsaya limatupa, kenaka pamaoneka banga lakuda limene limabooka ndi kudya mlomo, mphuno ndi fupa. Popanda cithandizo ana 9 mwa 10 akhoza kufa, ndipo opulumuka amatsala ndi nkhope yoonongeka yobvuta kudya ndi kulankhula. Ana otere akhala akulandiridwa pa University Teaching Hospital ku Lusaka, ndipo mu December 2023 bungwe la WHO linaika noma pa mndandanda wa matenda a m'maiko otentha amene ananyalanyazidwa. Ikagwidwa ikadali pa nkhama, nthendayi imaimitsidwa ndi mankhwala opha tizirombo opezeka pa kiliniki, pamodzi ndi kutsuka m'kamwa ndi cakudya copatsa mphamvu monga phala la nsinjiro, mazira ndi mkaka. Mayi kapena agogo osunga mwana wowonda amene wangocira cikuku azimutsegula kukamwa tsiku ndi tsiku pa kuwala kwa dzuwa, ndipo akaona nkhama zofiira zotuluka magazi pamodzi ndi fungo loipa, amubereke kupita naye ku kiliniki tsiku lomwelo.